Manudozi a ku Korea akumasanduka phala, eni ake amaphika bwanji?

Chipande_265
Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni. Manudozi a ku Korea a paketi yofiira aja, Shin Ramyun, ayamba kupezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za ku Asia, koma mtengo wake si wamasewera. Vuto n'lakuti akaphikidwa mmene timaphikira manudozi ena onsewa, amatuluka ofewa ngati phala ndipo msuzi wake sukolera. Kodi eni ake amaphika bwanji? Komanso kodi kwawoko amenewa ndi chakudya chenicheni kapena ndi zongotolatola?

Mthiko
A Chipande, yambani n'kuyeza madzi, chifukwa ambiri amalakwira pomwepo. Paketi imeneyo ndi ya magalamu 120 ndipo imafuna madzi okwana mamililita 550. Ngati mulibe kapu yoyezera, dzazani botolo la madzi akumwa la mamililita 500, kenaka muwonjezere masupuni aakulu 3. Madziwo awire mpaka kubwadamuka. Ikani manudozi osawathyola, ufa wa msuzi ndi kapaketi ka masamba ouma. Kuyambira pamenepo werengani mphindi 4 ndi theka pa wotchi, osati mongoganizira. Moto ukhale waukulu mpaka kumapeto.

Amasanduka phala pa zifukwa zitatu: kuwaika m'madzi osawira bwino, kupitirira nthawi, ndi kuwasiya mumsuzi wotentha akudikira munthu. Manudoziwa amaphikidwa kale ndi nthunzi kufakitale kenaka n'kukazingidwa m'mafuta, ndipo kukazingako kumasiya timabowo ting'onoting'ono momwe madzi amalowera msanga. N'chifukwa chake amapsa mofulumira, komanso n'chifukwa chake saleka kumwa madzi ngakhale mutaphula. Phulani masekondi 30 nthawi isanakwane, amalizikira m'mbale.

KambuziWowawa
Ufa wa msuzi uzilowa poyamba, manudozi pambuyo. Madzi a mchere amatentha kwambiri kuposa madzi okhaokha, ndiye manudozi amapsa msanga osafewa.

Nkhali
Ayi a Kambuzi, zimenezo zimangonenedwa. Kaufa kameneko m'madzi oposa theka la lita sikangakweze kutentha ngakhale ndi digiri imodzi. Lilime silingamve kusiyana. Chomwe muyenera kudziwa n'chakuti ufa ukathiridwa m'madzi obwadamuka, thovu limakwera mwadzidzidzi n'kusefukira, ndipo lingakuwotcheni dzanja. Ngati mukufuna ufa ulowe poyamba, uthireni madzi asanawire.

KambuziWowawa
Chabwino, za kutenthazo ndavomera. Koma masamba ouma ndi bowa aja amatulutsa kukoma kwambiri akayambira m'madzi ozizira. Pa paketi ya Jin Ramen, manudozi a kampani ya Ottogi, amachita kulemba choncho.

Nkhali
Pamenepo tagwirizana.

MwanaWaKuJoni
Pali china chomwe paketi sinena. Seoul ili pafupi ndi mlingo wa nyanja, komwe madzi amawira pa madigiri 100. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, madzi amawira cha pa 94. Ndiye kumalo okwera ngati amenewa, komanso ku Dedza kapena Mzuzu, musaphule msanga monga anenera a Mthiko. Fikani mphindi 4 ndi theka zonse, mulawe chingwe chimodzi. Chikakhala ndi kaufa koyera pakati, onjezerani masekondi 20. A ku Nsanje ndi ku Tete atsatire paketi mmene ilili.

Gogo_wa_Mbaula
Potonso ali ndi mbali yake, ana anga. A ku Korea ali ndi kapoto kawo kachikasu ka aluminiyamu kopyapyala, amakatcha yangeun naembi. Kamatentha msanga, ndiye madzi akazizira pang'ono chifukwa cha manudozi omwe mwaikamo, amabwereranso kuwira nthawi yomweyo. Mukachotsa pamoto kamazizanso msanga, manudozi sapitiriza kupsa. Poto wokhuthala amasunga moto ndipo amakufewetserani chakudya muli pa tebulo. Paketi imodzi imafuna poto wa masentimita 16 kapena 18 kukamwa kwake. Poto wotambalala amauluza madzi ambiri, msuzi n'kuwawa mchere.

Pa mbaula dikirani makala ayake onse, afiire, ndipo poto akhale pafupi ndi moto. Makala ongoyamba kumene kuyaka ndiwo amabweretsa phala lija. Chenjezo limodzi: poto wa aluminiyamu wokandikakandika musamasungiremo zowawasa monga kimchi, ndiwo ya ku Korea ya masamba osasitsa ndi tsabola. Phikani, pakulani, tsukani.

Chipande_265
Nanga mukaphikira anthu awiri, madzi akhale 1,100?

Mthiko
Ayi. Nthunzi yotuluka mu poto siwirikiza kawiri chifukwa choti mapaketi ndi awiri. Mapaketi 2 amafuna pafupifupi mamililita 900. Mukathira 1,100 msuzi umasukuluka. Kupitirira mapaketi 3 mu poto mmodzi n'kovuta pa moto wa pakhomo, chifukwa madzi amachedwa kuwiranso. Ndi bwino kugawa mapoto awiri.

China chomwe ophika a kumeneko amachita: manudozi akamasuka, amawanyamula ndi timitengo todyera kapena foloko, n'kuwakweza m'mwamba kangapo kuti awombedwe ndi mphepo, n'kuwabwezeranso mumsuzi. Ena amati zimawalimbitsa, ena amati n'chizolowezi chabe. Ine ndimaona kuti phindu lake lenileni n'lakuti zingwe zimalekana ndipo zimapsa mofanana.

Nsinjiro
Funso lachiwiri la a Chipande silinayankhidwe, ndipo ndi lofunika kuposa loyamba. Chakudya cha ku Korea maziko ake ndi mpunga wophika, womwe amautcha bap. Liwu lomwelo limatanthauzanso chakudya chonse, monga mmene ife tikati munthu sanadye timatanthauza kuti sanaone nsima. Pambali pa mpunga pamakhala msuzi wamadzimadzi wotchedwa guk, kapena wokhathamira wotchedwa jjigae, ndi tindiwo tambiri m'timbale ting'onoting'ono totchedwa banchan. Kimchi sasowa pa tebulo. Kukoma kwa zakudya zawo kumachokera ku zokometsera zitatu zosasitsa: ganjang, yemwe ndi soya sosi, doenjang, phala lolimba la nyemba za soya, ndi gochujang, phala lofiira la tsabola. Pamwamba pake adyo, anyezi wamasamba, mafuta a chitowe ndi tsabola wogaya wotchedwa gochugaru.

Ramyeon, lomwe ndi dzina lawo la manudozi a m'paketi, ndi mlendo wa posachedwa. Anayambira ku Japan mu 1958 ndi Momofuku Ando. Ku South Korea kampani ya Samyang inatulutsa oyamba mu 1963, paketi ikugulidwa mawoni 10 (woni ndi ndalama ya kumeneko), nthawi yomwe dziko linali pa umphawi pambuyo pa nkhondo ya 1950 mpaka 1953. Mpunga unkaperewera ndipo boma linkalimbikitsa anthu kudya za ufa wa tirigu. Oyambawo sanali owawa tsabola kwenikweni. Shin Ramyun wa kampani ya Nongshim anabwera mu 1986, ndipo chilembo chachikulu chakuda cha pa paketi chija chimatanthauza kuwawa kwa tsabola. Lero munthu mmodzi kumeneko amadya mapaketi oposa 70 pa chaka. Ndiye inde, ndi chakudya chenicheni, koma sachidya chokhachokha ayi. Pambali pamakhala kimchi, mkati dzira ndi anyezi, ndipo zingwe zikatha amathira mpunga mumsuzi wotsalawo.

Usipa_Wofutsa
Mpunga wake ukhale wozizira, wa dzulo. Wotentha uli kale ndi madzi ambiri, umangosukulutsa msuzi. Wozizira wauma pang'ono ndipo umayamwa msuziwo.

Tsabola_wa_Ntcheu
Kilombero angachite?

Usipa_Wofutsa
Wothira mumsuzi angachite bwinobwino. Koma dziwani kuti mpunga wa ku Korea ndi waufupi, wonenepa, womatana ndipo ulibe fungo lamphamvu. Sauthira mchere kapena mafuta pophika, chifukwa mchere uli kale mu ndiwo. Kilombero ndi wonunkhira komanso woyoyoka, ndiye pa zakudya zofuna kukulunga monga gimbap, mpunga wokulunga mu ndere zouma za m'nyanja, amavuta kugwirana.

Namasupuni
Poti mwatchula za tebulo: kumeneko mbale ya mpunga sainyamula m'manja pakudya monga amachitira ku Japan ndi ku China. Mpunga ndi msuzi amadyera supuni, ndiwo amatolera timitengo tachitsulo. Wamkulu ndiye amayamba kugwira supuni, ana pambuyo. Timitengo satizika chilili mu mpunga chifukwa zimafanana ndi mwambo wopereka chakudya kwa makolo omwe anamwalira.

MphikaWakuda
Zamwambozo tamva, koma tibwerere ku poto. Dzira limalowa liti? Nthawi zambiri limangosungunuka n'kudetsa msuzi wonse.

Mthiko
Limadetsa msuzi chifukwa chotakasa. Njira zilipo ziwiri, sankhani imodzi.

Ngati mukufuna dzira lathunthu, liswereni pamwamba pa manudozi kutatsala mphindi 2, osati pansi pa poto pomwe lingakakamire. Musaligwirenso. Vundikirani kwa mphindi imodzi kuti pamwamba pake papse. Choyera chimalimba, chachikasu chimatsala chamadzi, ndipo mumaviikamo zingwe pakudya. Kwa amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi odwala, liikeni kutatsala mphindi 3 ndi theka kuti lipse lonse.

Ngati mukufuna lomwazika, limenyeni pang'ono m'kapu pamodzi ndi anyezi wamasamba wodula, mulithire mozungulira m'mbali mwa poto kutatsala mphindi imodzi. Werengani masekondi 20 musanakhudze. Likagwirana ndiye mutembenuze kamodzi kokha. Mukatakasa lisanagwirane, limasanduka chifunga, limameza kuwawa kwa tsabola ndipo msuzi umamveka fungo la dzira.

MphikaWakuda
Nanga masamba?

Gogo_wa_Mbaula
Olimba monga karoti, kabichi, anyezi ndi bowa alowe ndi madzi ozizira. Ofewa monga chayinizi ndi bonongwe alowe mphindi yomaliza. Masamba amatulutsa madzi awo, ndiye pa dzanja limodzi lodzaza masamba chotsani madzi masupuni 3. Tomato musachulutse, amasintha msuzi kukhala ndiwo za kwathu kuno.

AnamwinoWathu
Pepani ndikusokonezeni, koma nkhani ya mchere isadutse. Paketi imodzi ya mtundu umenewu imakhala ndi sodiyamu pafupifupi mamiligalamu 1,800, womwe ndi mchere woposa magalamu 4. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku lonse. Ndiye mbale imodzi, mukamwa msuzi wonse, yatsala pang'ono kumaliza gawo la tsiku, kimchi musanamuwerengere. Samalaninso powerenga paketi: ena amalemba paketi imodzi ngati chakudya cha anthu awiri, ndiye nambala yomwe mukuonayo ndi theka chabe. Mchere wambiri uli mumsuzi. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la impso adye zingwe, msuzi ausiye, kapena athire theka la ufa n'kuchepetsa madzi kufika mamililita 400.

Tsabola_wa_Ntcheu
Ndipo manudoziwa ali ndi phula lomwe limamatirira m'mimba. N'chifukwa chake madzi oyamba tiyenera kutaya.

Nkhali
Mulibe phula, achimwene. Zoyandama pamwamba zija ndi mafuta omwe anakazingira, kawirikawiri a kanjedza, ndipo kuyera kwa madzi ndi sitachi. Kutaya madzi oyamba kumachepetsa mafuta, zimenezo n'zoona, koma kumachotsanso kukhathamira kwa msuzi. Amene akufuna kutero aphike mapoto awiri nthawi imodzi: wina wa zingwe kwa mphindi 2, wina wa msuzi wa mamililita 450, kenaka asamutse zingwe zikamalizikire mumsuzi kwa mphindi 2 zina. Mukataya madzi n'kuyambanso kuwiritsa ozizira zingwe zili pambali, mwapha chakudya.

Tsabola_wa_Ntcheu
Nanga MSG, chokometsera chomwe amaika mu ufa wa msuzi? Si poizoni ameneyo?

AnamwinoWathu
Si poizoni. Ndi mchere wa glutamate, chinthu chomwe chili kale mu tomato, bowa ndi tchizi. Katswiri wa ku Japan, Kikunae Ikeda, anachipeza mu ndere za m'nyanja mu 1908. Choopsa mu paketi ndi kuchuluka kwa mchere ndi kuchepa kwa masamba ndi zomanga thupi. Mwana wodya manudozi okhaokha tsiku ndi tsiku amakhuta koma sakula bwino.

Chipande_265
Zikomo nonse. Tsono poti a ku Korea enieniwo ndi odula, kodi timapaketi tating'ono totchipa ta m'magolosale tingafanane nawo?

Usipa_Wofutsa
Zingwe sizingafanane. Za ku Korea n'zonenepa ndipo amasakanizamo sitachi ya mbatatesi, ndiye zimatafunika. Za timapaketi tating'ono n'zopyapyala, zimapsa pa mphindi 2 kapena 3. Koma msuzi mungaufikitse pafupi kwambiri, ndipo poyambira pake ndi nsomba.

Msuzi woyambira wa zakudya zambiri za ku Korea amaupanga ndi tinsomba touma totchedwa myeolchi pamodzi ndi ndere zouma za m'nyanja zotchedwa dasima. Tinsombato amayamba atiwiritsa m'madzi a mchere asanatiyanike, zomwe sizikusiyana ndi usipa wofutsa. Tengani usipa 10 kapena 12 wokulirapo. Chotsani mitu ndi zam'mimba zakudazo, chifukwa zimenezo ndi zomwe zimawawitsa msuzi ngati ndulu. Ngati uli ndi mchenga, utsukuluzeni msanga n'kuuumitsa. Ukazingeni pa chiwaya chouma, chopanda mafuta, kwa mphindi 2 kuti fungo la chiwisi lichoke. Thirani madzi lita imodzi, theka la anyezi, ndi bowa wouma pang'ono ngati dasima palibe. Ziwire pa moto wapakati kwa mphindi 12 mpaka 15, poto ali wosavundikira kuti fungo lituluke. Sefani. Mukapitirira mphindi 20 msuzi umada ndi kuwawa. Amene apeza dasima aike kachidutswa konga chikhatho, koma akachotse madzi akangowira kwa mphindi 5, apo ayi msuzi umaterera ngati therere.

Pa kapaketi ka magalamu 70, tengani msuziwu mamililita 350 ndi theka lokha la ufa wa m'paketi.

KambuziWowawa
Onjezerani mafuta a anyezi, omwe iwo amati pa-gireum. Mu poto wouma ikani supuni imodzi ya mafuta ophikira ndi mbali yoyera ya anyezi wamasamba, mitengo iwiri, yodula. Moto wochepa, mphindi 2, mpaka fungo limveke. Ikani adyo wosinja theka la supuni. Chotsani poto pamoto, ndiye muthire supuni yaing'ono ya tsabola wogaya, mutakase masekondi 20. Mafuta afiire, asade. Tsabola wogaya amapserera msanga kwambiri, ndipo akada palibe chobweza, tayani muyambirenso. Thirani supuni yaing'ono ya soya sosi m'mbali mwa poto, kenaka msuzi wa usipa uja. Mafuta a chitowe amalowa kumapeto, madontho ochepa mutaphula, chifukwa fungo lake limathawa pamoto.

Namasupuni
Musapusitsidwe ndi kufiira kwa zakudya zawo n'kuthira kambuzi supuni yathunthu. Gochugaru ndi wofiira kwambiri koma kuwawa kwake n'kwapakati, ndipo amatsekemera pang'ono. Kambuzi amamuposa kutali. Popanda gochugaru sakanizani masupuni 4 a paprika ndi supuni yaing'ono imodzi ya tsabola wowawa wogaya.

MphikaWakuda
Gochujang nayenso tingamupange choncho?

Nsinjiro
Weniweni ayi. Amamupanga ndi tsabola wogaya, mpunga womata, ufa wa soya wosasitsa, chimera cha balere ndi mchere, n'kumusunga miyezi m'mitsuko yadothi yotchedwa onggi padzuwa. Dera la Sunchang ndi lomwe limatchuka naye. Kukoma kwa miyezi kumeneko sikungabwere pa mphindi 5. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kugula ku sitolo ya za ku Asia, ndi kabokosi kofiira kameneko. Mukakatsegula kasungeni mu firiji, kamakhala miyezi yambiri ndipo mumagwiritsa supuni imodzi kapena ziwiri pophika.

Mthiko
Mukakhala naye, manudozi otchipa omwewo amakupatsani zakudya ziwiri zina popanda kugwira ufa wa m'paketi.

Choyamba ndi ozizira, a nyengo yotentha, ofanana ndi manudozi a m'paketi otchedwa Paldo Bibimmyeon. Sakanizani supuni 1 ya gochujang, supuni 1 ya viniga, supuni 1 ya shuga, supuni yaing'ono ya soya sosi, ina ya mafuta a chitowe ndi adyo pang'ono. Wiritsani zingwe mpaka zipse ndithu, chifukwa madzi ozizira amazilimbitsa. Zitsukuluzeni kawiri kapena katatu m'madzi ozizira akumwa, mukuzifikisa ndi manja kuti sitachi ichoke, kenaka muzifinye. Mukapanda kufinya, madzi otsalawo amasukulutsa zokometsera zonse. Pamwamba nkhaka zodula motalika ndi theka la dzira lowiritsa.

Chachiwiri ndi rabokki, chakudya cha m'timalesitilanti ta ana a sukulu. Msuzi wa usipa mamililita 500, gochujang masupuni 2, tsabola wogaya supuni 1, shuga supuni 1, soya sosi supuni 1. Ikani kabichi ndi anyezi ziwire mphindi 5. Eni ake amaikamo tteok, timipukutu ta ufa wa mpunga, ndi eomuk, zitumbuwa zopyapyala za nsomba. Zingwe zimalowa kumapeto kwa mphindi 3, mukutakasa kuti zisakakamire pansi. Msuzi utsale wokhathamira, womatirira ku zingwe.

Mlonda_wa_Limbe
Nanga akuda aja? Wina anawaphika ndi madzi ambiri ngati supu, sanadyeke.

Nkhali
Amenewo ndi Chapagetti, ndipo si a msuzi. Amatsanzira jajangmyeon, chakudya cha phala lakuda la soya chomwe chinayamba ndi anthu ochokera ku Shandong ku China omwe anakhazikika ku Incheon. Wiritsani zingwe ndi masamba ouma m'madzi mamililita 600 kwa mphindi 5, tsanulani madzi n'kusiya masupuni 8, kenaka thirani ufa wakudawo ndi kapaketi ka mafuta. Ufa ukamaundana ndiye kuti madzi mwasiya ochepa kapena mwauthira malo amodzi. Sungani madzi otsanulawo m'kapu kuti muziwonjezera pang'onopang'ono.

Buldak wa Samyang, yemwe anatuluka mu 2012, amaphikidwa chimodzimodzi: kutsanula, kusiya masupuni 8, kuthira sosi ndi kukazinga masekondi 30. Koma ameneyo ndi moto. Mu 2024 dziko la Denmark linachotsa m'masitolo mitundu ina yowawitsitsa ya Buldak poopa kuchuluka kwa tsabola. Woyamba kumene athire theka la sosi. Ana musawapatse, ndipo za mipikisano yodya tsabola zija zisiyeni. Pakamwa pakayaka imwani mkaka kapena chambiko. Madzi sathandiza chifukwa chowawacho chimasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. N'chifukwa chake ambiri amaika tchizi pamwamba.

Che_Mangochi
Kwa ife osadya nkhumba zili bwanji?

Nsinjiro
Werengani paketi iliyonse payokha, Che Mangochi. Dzina limodzi lomwelo limapangidwa m'mafakitale osiyana, ndipo zosakaniza zimasiyana malinga ndi dziko lomwe akutumizako. Ena ali ndi chizindikiro cha halal, ena alibe, ndipo ufa wa msuzi ungakhale ndi za ng'ombe kapena za nkhumba. Njira ya a Usipa ya msuzi wopanga nokha imachotsa nkhawa ya ufawo.

Chakudya chomwe muyenera kusinthamo nyama ndi budae jjigae. Chinayamba nkhondo itatha, pafupi ndi misasa ya asilikali a ku America, makamaka ku Uijeongbu, pomwe anthu ankaphika nyama za m'zitini ndi masoseji ochokera kumisasako pamodzi ndi kimchi ndi tsabola. Dzinalo limatanthauza msuzi wa ku msasa wa asilikali. Cha anthu 4: kimchi wowawasa kapu imodzi, masoseji magalamu 200, nyama ya m'chitini magalamu 200, anyezi mmodzi, bowa, nyemba za m'chitini masupuni 3, msuzi lita imodzi. Zokometsera: tsabola wogaya masupuni 2, gochujang 1, soya sosi 1, adyo 1. Yalani zonse mu poto wotambalala, ziwire mphindi 10, ndiye muike paketi imodzi ya zingwe popanda ufa wake. Masoseji a ng'ombe kapena a nkhuku amachita bwino lomwe. Zingwe zidyedwe poyamba zisanamwe msuzi wonse.

Chipande_265
Aliyense akutchula kimchi. Ameneyo ndiye sapezeka n'komwe kuno.

Gogo_wa_Mbaula
Pangani nokha, mwanawe, si zovuta. Eni ake amagwiritsa kabichi wamtali wa masamba ofewa wotchedwa baechu, koma kabichi wathu wozungulirayu amachita, ndipo mpiru ndiye umachita kwambiri. Iwonso ali ndi kimchi wa mpiru, gat kimchi, wotchuka ku Yeosu.

Kabichi kilogalamu imodzi, mudule zidutswa zonga bokosi la machesi. Mchere wa mibulu magalamu 60 ndi kapu imodzi ya madzi. Mchere woyera wosalala uyezeni pa sikelo, chifukwa pa supuni umachuluka. Siyani maola awiri, mukutembenuza pa mphindi 30 zilizonse. Muone ngati wakonzeka popinda mbali yokhuthala: ipindike osathyoka. Tsukuluzani katatu, mulawe. Akhale wa mchere woposa pang'ono wa ndiwo. Asiyeni akhe madzi m'lichero kapena m'sefa kwa mphindi 30.

Phikani kaphala ka supuni imodzi ya ufa wa mpunga kapena wa tirigu m'theka la kapu ya madzi, kazizire. Sakanizanimo tsabola wogaya masupuni 4, adyo timagawo 5, jinja supuni yaing'ono imodzi, sosi wa nsomba masupuni 2, shuga supuni yaing'ono imodzi, anyezi wamasamba ndi karoti. Popanda sosi wa nsomba, wiritsani msuzi wa usipa mpaka utsale wochepa, muthiremo soya sosi. Pakani kabichi yense, manja mutavala pulasitiki chifukwa tsabola amawotcha. Tsenderani m'botolo loyera mpaka madzi akwere pamwamba pa masamba, ndipo musiye malo a zala zitatu kukamwa. Musamange chivundikiro kwambiri, mpweya umafuna potulukira.

M'nyengo yozizira ya June asiyeni panja masiku awiri kapena atatu. M'kutentha kwa October tsiku limodzi lakwana. Mukaona timathovu potsendera ndi supuni ndipo fungo layamba kuwawasa, lowetsani mu firiji.

Mlonda_wa_Limbe
Opanda firiji, kapena magetsi akamazimazima?

Gogo_wa_Mbaula
Pangani wochepa, wa masiku atatu, botolo muliike mumtsuko wa madzi ozizira pamthunzi. Kapena pangani geotjeori, yemwe ndi kimchi wodya tsiku lomwelo: mchere kwa mphindi 30 zokha, zokometsera zomwezo, ndi mafuta a chitowe pang'ono. Kale ku Korea kunalibe mafiriji. Ankapanga wochuluka dzinja lawo lozizira likamayandikira, pa mwambo wothandizana wotchedwa kimjang womwe bungwe la UNESCO linaulemba pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2013, n'kukwirira mitsuko pansi. Koma kwawo nthaka imazizira mpaka madzi kuundana, zomwe kuno kulibe.

Namasupuni
Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri: akaterera, shuga anachuluka kapena mchere unachepa pamalo otentha. Akawawa ngati mankhwala, jinja anachuluka. Akafewa n'kuphwanyika, sanakhe madzi bwino kapena anakhalitsa panja. Kakhungu koyera kosalala pamwamba kamabwera masamba akatulukira kunja kwa madzi: chotsani gawo lapamwambalo, mutsendere otsalawo. Koma chuku chaubweya, chobiriwira, chakuda kapena chapinki, tayani botolo lonse. Potapa gwiritsani supuni youma, yoyera.

Mthiko
Ndipo akawawasa kwambiri musataye, a Chipande, ameneyo ndiye woyenera ramyeon. Dulani theka la kapu, mumukazinge mu supuni ya mafuta kwa mphindi 3 pamodzi ndi kashuga ka kunsonga kwa supuni kuti kuwawasa kuchepe. Thirani madzi mamililita 550 ndi masupuni 2 a madzi a m'botolo la kimchi. Ufa wa m'paketi ikani magawo awiri mwa atatu okha, poti kimchi wabwera ndi mchere wake. Zikabwadamuka ikani zingwe.

Chipande_265
Mphindi zomwe zija, 4 ndi theka?

Mthiko
Zomwezo. Mbale, supuni ndi odya akhale atakhala kale pa tebulo zingwe zisanalowe m'madzi.